Mafunso a Mphotho ndi Nyimbo za Khirisimasi

 Mwezi uno wa Disembala, pamene chimanga chafika m'mawondo, mango akugwa okha, ndipo ana akuthamangitsa ngumbi madzulo, ndiwo mwezi umene nyumba zoulutsira mawu zimafukula zakale m'nkhokwe zawo. Ndipo ine, pokhala mmodzi wa iwo amene imvi zawayamba, ndafuna kuti ticheze za zinthu ziwiri zimene zinkasonkhanitsa anthu pamalo amodzi, makutu ali tcheru: mipikisano ya mafunso imene tinkaimvera pa wailesi ndi kuionera pa kanema, ndi nyimbo za Khirisimasi. Wina angafunse kuti ziwirizi zikukumana pati, popeza china n'cha ndalama, china n'cha kutchalitchi. Zikukumana m'mitima mwathu, pakuti zonse ziwiri timazikumbukira ndi chifundo chimodzimodzi. Komatu china chinatifera m'manja, pamene chinzake chimadzuka chaka ndi chaka chili ndi mphamvu zake zonse, ndipo chifukwa chake n'choyenera kuchifunafuna mosathamanga.

Tiyambe tavomereza kuti mpikisano wa mafunso sunabwere ndi sitima ya pamadzi. Makolo athu anali nawo kalekale, pamene ana ankasonkhana kuzungulira moto nyengo ya chisanu, zokolola zili m'nkhokwe, wina n'kufuula kuti "Chilape!" anzake n'kuvomera kuti "Nachize!", ndipo onse akalephera kumasulira, ankalipira ng'ombe ya pakamwa chabe, imene sinatulukepo m'khola la munthu aliyense, kuti mwini chilape aulule yankho. Zonse zimene eni kanema anadzazikometsera ndi nyali ndi malipenga zinalimo kale m'masewera amenewo: wofunsa, oyankha, kachetechete wa kuganiza, mphotho, ndi manyazi a wolephera. Chosiyana chinali chakuti ng'ombeyo inali yabodza, aliyense n'kumadziwa kuti njabodza, chotero panalibe wokagona ndi mkwiyo.

Koma mphotho ikakhala yeniyeni, mtima wa munthu umasanduka. Owerenga Buku Lopatulika akukumbukira, m'buku la Oweruza mutu 14, mmene Samsoni, pa madyerero a ukwati wake ku Timna, anaphera mwambi anyamata 30 a Afilisti, nawapatsa masiku 7 kuti aumasulire, mphotho yake zovala zabafuta 30 ndi zina zosinthira 30. Ndi mmene anyamatawo, ataona kuti nzeru zawathera, anaopseza mkwatibwi kuti amutentha pamodzi ndi nyumba ya atate wake, kufikira mkaziyo anam'lirira mwamuna wake, natenga yankho, nakalipereka kwa anthu a mtundu wake. Mpikisano umenewo unathera m'mwazi ku Asikeloni. Nkhani imeneyi muisunge m'mutu, pakuti tikakumana nayonso ku New York itavala suti ndi tayi.

Kuno kwathu khutu linatsogola, diso linadza mochedwa ndithu. M'chaka cha 1949 kunafika m'maiko muno kawailesi kozungulira kotchedwa Saucepan Special, kamene a Ever Ready anakapanga atapemphedwa ndi Harry Franklin, mkulu woona zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire padera. Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inkalankhula kwa anthu a maiko atatu, Nyasaland ali momwemo, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake, kotero kuti mawu a Alick Nkhata, woulutsa amenenso anali woimba, anadziwika m'midzi imene iye sanapondemo. Titalandira ufulu mu 1964, MBC inakhala liwu limodzi lokha m'dziko lonse kwa zaka zoposa 30. Ndipo amene anakula m'masiku amenewo sangaiwale mmene ana a sukulu ankaunjikana pa wailesi ya Nzeru kumvera Top of the Class, wina atagwira mlongoti kuti mawu asathawe, wina akunong'ona yankho mofulumira kuti anzake adzam'chitire umboni kuti analidziwa wofunsa asanaulule. Sukulu ikapambana, ngakhale mlonda wa pachipata ankayenda monyada sabata yonse, ngati kuti likulu la dziko la Peru analitchula ndi iyeyo.

Za kanema tinkangomva kwa obwera. Ku Salisbury inayamba mu 1960, ku Kitwe mu 1961, ku South Africa mu 1976, koma ku Malawi tinadikira kufikira pa 1 Epulo 1999, tsiku limene Television Malawi inatsegulidwa. Chotero kwa zaka zambiri mwana wa ku Ndirande ankauzidwa ndi msuweni wake wa ku Kopabeluti za bokosi lokhala ndi anthu m'kati, n'kumayesa nthano. Itafika, inafika m'nyumba zowerengeka. Mukukumbukira nyumba ija imodzi pamzere wonse, imene eni ake anasanduka mafumu osalongedwa: nsapato zili mulu pakhomo, ana ali mbwee pansi, akuluakulu pamipando, ochedwa atatsamira pazenera, mayi wa nyumba akudandaula za fumbi koma osathamangitsa munthu. Kumudzi ankalumikiza ku batire la galimoto, limene mnyamata ankalinyamula panjinga kukatchajitsa kutali. Ndipo chithunzi chikayamba kufinyika, kusonyeza kuti moto ukutha, onse ankapempha mumtima kuti funso lomaliza lifike batire lisanafe.

Mpikisano umene unagwedeza dziko lonse lapansi m'masiku amenewo unabadwira ku Britain, pa kanema ya ITV, mu Seputembala 1998, wofunsa ali Chris Tarrant. Dzina lake Who Wants to Be a Millionaire? Chaka chotsatira a ku South Africa anali atapanga wawo, wofunsa ali Jeremy Maggs, ndipo okhala ndi mbale ya DStv padenga ankauona. Malamulo ake anali osavuta: mafunso 15, lililonse ndi mayankho 4 oti usankhepo, ndalama zikukwera funso ndi funso kufikira mapaundi 1,000,000, ndipo wothedwa nzeru ankaloledwa thandizo katatu, kuchotserako mayankho awiri olakwika, kufunsa khamu la oonera, kapena kuimbira lamya mnzake. Anthu athu anaukonda msanga, ndipo ine ndiyesa chifukwa chake n'chakuti unavomereza poyera chimene makolo ananena kale, kuti mutu umodzi susenza denga, ndi kuti safunsa anadya phula. Koma nzeru yaikulu ya eni ake inali kuchedwa. Mipikisano ina yambiri inkathamanga ndi belu. Uwu unkazimitsa nyali, n'kusiya munthu mmodzi pampando wautali, nyimbo ikugunda pansipansi, wofunsa akumuyang'ana osaphethira ndi kum'funsa ngati limenelo ndilo yankho lake lotsiriza. Wopambana woyamba wa ndalama zonse ku Britain, Judith Keppel, anapezeka mu Novembala 2000, patapita zaka ziwiri anthu akudikira.

Za Big Brother Africa wa mu 2003 ndingodutsapo, popeza munalibe mafunso, munali kugona ndi kukangana. Nyumba ya Malamulo ya dziko lino inaletsa kuti asaonetsedwe pa kanema ya boma, Bwalo Lalikulu linachotsa chiletsocho, ndipo madola 100,000 anapita ku Zambia ndi Cherise Makubale. Umene unandigwira mtima ine ndi Celtel Africa Challenge, umene pambuyo pake unatchedwa Zain Africa Challenge, m'mene ophunzira a m'mayunivesite a maiko angapo, a Malawi ndi Zambia ali momwemo, ankalimbana pamaso pa John Sibi-Okumu wa ku Kenya, munthu wa mawu olemera, amene ankafunsa mwaulemu ngati nkhoswe pabwalo. Pamenepo ngakhale gogo wosadziwa Chingerezi ankakhala tsonga, pakuti ankaona nkhope ya mwana wa kwathu ikuyesedwa pamaso pa mitundu ina.

Tsono yesani ichi, inu amene munaonera zonsezi: tchulani funso limodzi lokha limene linafunsidwa. Mudzapeza kuti mukukumbukira nyimbo yotsegulira pulogalamu, mukukumbukira nkhope ya wofunsa, mukukumbukira amene munakhala naye pamkeka ndi amene anafuula yankho lolakwika nyumba yonse n'kumuseka; koma mafunso eni akewo anauluka. Ndipo akati akuonetseninso lero pulogalamu yomwe ija, inu mukudziwa kale wopambana, simungathe mphindi zisanu musanadzuke kukaona ngati madzi awira. Tsabola wakale sawawa. Moyo wonse wa mpikisano wa mafunso uli pa kusadziwa: oonera sadziwa, woyankha sadziwa ngati akhoza, ndipo tsiku limene kusadziwako kwachoka, chotsala ndi mipando ndi nyali.

Palibe anaphunzira zimenezi mowawa kuposa anthu a ku America. M'chaka cha 1956 nyumba ya kanema ya NBC inayamba kuonetsa mpikisano wotchedwa Twenty-One, m'mene anthu awiri ankatsekeredwa aliyense m'kachipinda kake ka galasi, zomvera zili m'makutu, kuti wina asamve yankho la mnzake. Usiku woyamba opikisanawo analephera mafunso ambiri, kotero kuti kampani ya mankhwala imene inkalipira pulogalamuyo inakwiya. Ndipo eni pulogalamu, poopa kutaya chuma, anapangana kuti kuyambira pamenepo azisankha okha wopambana ndi wogonja, aziwapatsiratu mayankho, ndi kuwaphunzitsa ngakhale poti apume, poti alume mlomo, ndi poti apukute thukuta ndi mpango. Herbert Stempel, msilikali wakale wa ku New York, munthu wa mutu wogwira zinthu, anapambana masabata angapo atavekedwa suti yomukulira kuti aoneke wosauka. Koma eni pulogalamu ataona kuti oonera atopa naye, anam'pezera wolimbana naye wa maonekedwe abwino, Charles Van Doren, mphunzitsi wa pa Columbia University, mwana wa banja la alembi otchuka. Pa 5 Disembala 1956 Stempel analamulidwa kuti alakwitse dala funso la filimu imene inapata mphotho ya Oscar ya chaka cha 1955, ndiyo Marty, filimu imene iye ankaikonda ndipo anali ataionera kangapo. Anamvera, nalakwitsa, natuluka ndi chilonda mumtima.

Van Doren anapita kwawo ndi madola 129,000, nkhope yake inaikidwa pachikuto cha magazini ya Time, ndipo makolo ankauza ana awo kuti alimbike sukulu akhale ngati iyeyo. Stempel anayendayenda kunena zoona, anthu namuyesa wanjiru. Koma wopikisana wina, James Snodgrass, anali atachita mochenjera: mafunso ndi mayankho amene ankapatsidwa ankawalemba m'kalata, n'kudzitumizira yekha kudzera ku positi ofesi pulogalamu isanaonetsedwe, kotero kuti chidindo cha tsiku chinakhala mboni yosagulika. Pa 2 Novembala 1959, pamaso pa komiti ya aphungu ku Washington, Van Doren anaulula kuti ananyenga mtundu wonse. Ntchito ya pa yunivesite inatha, ya pa kanema inathanso, ndipo chaka chotsatira kunakhazikitsidwa lamulo loletsa chinyengo m'mipikisano yotere. Si ameneyu Samsoni ndi Afilisti aja? Chimene chinawawa anthu si ndalama, pakuti ndalamazo sizinali zawo. Chinali chakuti anagwira mpweya, ena anam'pempherera kumene, munthu amene yankho linali kale m'thumba mwake. Ku Britain nakonso, mu 2001, msilikali waudindo Charles Ingram anafika pa mapaundi 1,000,000, koma sanawalandire. Bwalo la milandu mu 2003 linagamula kuti ankatsogozedwa ndi chifuwa cha mnzake wokhala pakati pa odikira kupikisana, amene ankatsokomola yankho loona likatchulidwa.

Tiyeni tsopano titembenukire ku nyimbo, pakuti kumeneko lamulo n'losiyana kotheratu. Nyimbo ya Khirisimasi moyo wake uli pa kudziwa. M'mawa wa pa 25 Disembala, tchalitchi chitadzaza kufikira pazenera, mtsogoleri wa mapemphero akangotchula nambala m'buku la Nyimbo za Mulungu, mudzaona amayi achikulire akutseka mabuku awo, chifukwa mawuwo anawalowa m'mafupa akadali atsikana. Ndipo kwaya ikabwera ndi nyimbo yatsopano, ngakhale ikome bwanji, mpingo umaimvera mwaulemu, n'kumadikira yakale ija kuti nawo utsegule pakhosi. Chimodzimodzinso sewero la kubadwa kwa Ambuye. Palibe m'tchalitchimo wosadziwa mathero ake. Komabe mnyamata wosewera Herode akalowa atavala chisoti cha pepala ndi jekete la atate wake, akupsa mtima ndi kuponda pansi mwamphamvu, anthu amaseka misozi ili mbwe, monga anasekera chaka chatha ndi chaka chinacho, ndipo akalakwitsa mawu, agogo a kumbuyo amam'konza mokweza.

Nyimbo zimenezi zinayenda ulendo wautali kuti zitipeze. Ija yofatsa imene Angerezi amaitcha Silent Night inaimbidwa koyamba usiku wa pa 24 Disembala 1818, m'tchalitchi cha Nikolasi Woyera m'mudzi wa Oberndorf, pafupi ndi Salzburg ku Austria. Mawu ake analemba ndi wansembe wachinyamata Joseph Mohr, maimbidwe ake anapeka ndi mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi Franz Gruber, ndipo choimbira chake chinali gitala, chida chimene akuluampingo athu ena anachikaniza kulowa m'tchalitchi kwa zaka zambiri poyesa kuti n'cha kumowa. Kuno nyimbo zotere zinadza ndi amishoni: a Livingstonia amene anafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, a Anglican pa chilumba cha Likoma, a Dutch ku Mvera mu 1889, ndi ansembe a Chikatolika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, ndipo m'sukulu zawo ana ankaphunzitsidwa do, re, mi pamodzi ndi a, e, i, kotero kuti mphunzitsi wa kumudzi, wopanda limba kapena choimbira china chilichonse, ankatha kugawa ana ake m'mawu anayi pansi pa mtengo. Ndiyesa kuti nkhani ya nyimbozo anthu athu anaimva msanga kuposa amene anabwera nayo: khola ankalidziwa ndi fungo lake lomwe, abusa ogona kubusa anali ana awo, ndipo ulendo wa pansi wopita kukalembetsa kwa boma, mkazi ali ndi pakati, sunali wofuna womasulira.

Mwambo wina umene wailesi inaufikitsa kutali ndi wa ku King's College, mumzinda wa Cambridge ku England. Unayamba pa 24 Disembala 1918, nkhondo yaikulu yoyamba itangotha kumene, pamene Eric Milner-White, wansembe amene anatumikira pakati pa asilikali ndi kuona imfa ndi maso ake, anakonza mapemphero a mawu 9 a m'Baibulo, kuyambira pa kuchimwa kwa Adamu kufikira pa kubadwa kwa Khristu, nyimbo zili pakatipakati. BBC inayamba kuulutsa mapempherowo mu 1928, ndipo kupatula chaka cha 1930 sanadukizepo, ngakhale m'zaka za nkhondo yachiwiri, pamene magalasi okongola a m'mazenera anachotsedwa kukabisidwa poopa mabomba, oimba n'kumanjenjemera ndi chisanu. Amayamba 3 koloko masana kwawoko, imene kuno ndi 5 koloko madzulo, nthawi yomwe nkhuku ya mawa ikuthamangitsidwa kuseri kwa nyumba. Nyimbo yotsegulira ndi yomweyo kuyambira 1919, ndipo ndime yake yoyamba amaimba mnyamata mmodzi yekha, wopanda limba. Koma pofuna kuti asagone ndi mantha, mphunzitsi wa kwaya sanena kuti ndani kufikira nthawi yeniyeni yoyamba, pamene amangoloza mmodzi ndi chala. Apa pokha ndi pamene nyimbo inabwerekako kanthu ku mpikisano wa mafunso, ndipo kusadziwako kumagwera mwana mmodzi, osati omvera.

Komatu Khirisimasi ya kwathu sinathere kutchalitchi. Mapemphero akatha kunali mpunga ndi nkhuku, tiyi wamkaka ndi buledi wopaka majarini, ana atavala malaya atsopano osachapidwa n'kamodzi komwe, akuyenda khomo ndi khomo kupempha Khirisimasi bokosi. M'mbali mwa nyanja, ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, kunali malipenga, amuna atavala zoyera mbee ngati asilikali pa perete. Ndipo m'mudzi umene munabwera mwana wochokera ku Joni, kaya anapita ndi Wenela kaya anayenda yekha, munkamveka galamafoni, ija yopukusa ndi dzanja, imene singano yake inkasinthidwa kawirikawiri, ana n'kumasuzumira kuti aone kumene woimbayo wabisala. M'njira yomweyo, ya migodi ndi masutikesi, munadzera mawu a Jim Reeves wa ku Texas, amene anakaimba ku South Africa mu 1962 nakondedwa koposa, natulutsa chimbale cha Twelve Songs of Christmas mu 1963, nafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Nashville pa 31 Julaye 1964, patangopita masabata atatu ndi masiku ochepa Malawi atalandira ufulu. Munthuyo anaikidwa m'manda kalekale, koma Disembala aliyense amadzuka m'mabasi ndi m'magolosale, akuimba za chipale chofewa kwa anthu amene akupukuta thukuta.

Pambuyo pake, m'masiku a makaseti, ufumu unagwa m'manja mwa Boney M. Nyimbo yawo ya Mary's Boy Child sinali yawo: anaipeka ndi Jester Hairston, mdzukulu wa akapolo a ku America, Harry Belafonte anaijambula mu 1956, ndipo iwo anadzaivundula ndi ng'oma za disiko mu 1978, nikhala yoyamba pa malonda ku Britain pa Khirisimasi ya chaka chimenecho. Gulu limeneli analisonkhanitsa ku West Germany ndi Mjeremani Frank Farian, oimba ake ochokera ku zilumba za Caribbean, Liz Mitchell ndi Marcia Barrett a ku Jamaica, Maizie Williams wa ku Montserrat, ndi Bobby Farrell wa ku Aruba. Tsono imvani ichi. Zinadziwika poyera kuti mawu aamuna amene ankamveka pa zimbale zawo zotchuka sanali a Farrell, wovina wa tsitsi lambiri uja amene tinkamuona pa zithunzi, koma a Farian mwini wake, amene ankaimba m'chipinda chojambulira, mnzakeyo n'kumangoyendetsa milomo pa kanema. Chimenechi n'chinyengo cha mtundu womwe uja wa Van Doren, nkhope ya wina, ntchito ya wina. Koma Twenty-One inafa nthawi yomweyo, osadzukanso ndi ulemu wake wakale, pamene Boney M ikulirabe mumsewu wa Malangalanga ku Lilongwe ndi m'misika ya ku Limbe kuyambira Novembala, ndipo sindinaonepo munthu akutsika minibasi chifukwa chakuti woimbayo sanali Farrell. Wonyenga pa mafunso amaba chinthu chokhacho chimene oonera anadzera. Pa nyimbo, omvera anailanda kale n'kuisandutsa yawo. Amene akuimba kwenikweni ndi kondakitala, ndi mayi wogulitsa tomato, ndi inu.

Masiku ano mipikisano ilipobe, ndipo sindifuna kukhala nkhalamba yonyoza chilichonse chimene chinabadwa iyo itakula. Koma ina mwa iyo, ija yoti mutumize uthenga pa foni kuyankha funso limene ngakhale mwana wa sitandade 1 angaliseke, si mipikisano ya nzeru konse. Ndi maere ovala chovala cha sukulu, ndipo funsolo laikidwapo kuti mulipire mtengo wa uthengawo mukudziyesa ochenjera. Kuonjezera apo, yankho la funso lililonse tsopano lili m'thumba la mwana aliyense, pa intaneti, kotero kuti ulemu uja unkaperekedwa kwa munthu wosunga maina a mitsinje ndi zaka za mafumu m'mutu mwake wachepa. Ndipo aliyense akuonera zake pa kagalasi ka m'manja, nsapato sizikuunjikananso pakhomo la munthu.

Pali malo amodzi m'mbiri ya dziko lino pamene mpikisano ndi nyimbo zinakwatirana, ukwati wake n'kubala ana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ku Loudon, kumene tikutcha Embangweni m'boma la Mzimba, m'busa wa ku Scotland Donald Fraser, ataona kuti Angoni ali ndi maimbidwe awoawo a mphamvu, a nkhondo, a ukwati ndi a maliro, sanawaletse monga ankachitira amishoni ena, koma anayambitsa mipikisano ya chaka ndi chaka yopeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe a makolo. Aphunzitsi ankabwera kuchokera m'midzi ndi nyimbo zawo zatsopano, naziimba pamaso pa anzawo. Ndipo mwa opeka a m'badwo umenewo munatuluka maina onga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula, amene nyimbo zawo zinalowa m'buku la Sumu za Ukristu ndipo zikuimbidwabe kumpoto kufikira lero. Akuti ukaipa dziwa nyimbo. Awa anadziwa nyimbo, ndipo dziko linawasunga.

Ndipo ulendo wa nyimbo sunali wobwera kokha. M'zaka za m'ma 1960, m'busa wina wa ku Scotland, Tom Colvin, amene anatumikira mu Sinodi ya Blantyre ndi ku Ghana, anatenga maimbidwe a makolo a kuno ku Malawi, nawaveka mawu a Chingerezi onena za kubadwa kwa mwana wa Mariya, m'njira yathu yomwe ija yakuti mmodzi atsogole, khamu livomere. Nyimboyo, yotchedwa That Boy-Child of Mary, inalowa m'mabuku a nyimbo a mipingo ya kunja, kuphatikizapo buku la mpingo wa United Methodist ku America la chaka cha 1989, ndipo m'mabukumo maimbidwe ake anapatsidwa dzina lakuti Blantyre. Chotero m'mwezi uno, pamene ife tikuimba za ku Oberndorf ndi kuvina za Frank Farian, kuli mipingo kutsidya kwa nyanja imene ikuphunzitsa ana ake kuvomera nyimbo ya kwathu.